Kabati ya katundu yadzaza m'ndege: muchite chiyani?

Mwalowa m'ndege, kabati ya pamwamba pa mpando wanu yadzaza, ndipo wogwira ntchito akuti chikwama chipite kunsi kwa ndege, kosungira katundu. Musalimbane naye. Tikiti imakupatsani mpando, osati kabatiyo.

Choyamba, pemphani akufunireni malo kutsogolo kapena kumbuyo. Osasuntha nokha katundu wa eni ake, mikangano imayambira pamenepo.

Malo akasowa, tsegulani chikwamacho pomwepo. Tulutsani pasipoti, mankhwala, ndalama, laputopu, makamaka power bank ndi mabatire a lithium amene sali m'chipangizo. Ma power bank ndi mabatirewa saloledwa kunsi chifukwa akayaka kulibe munthu wozimitsa. Kenako landirani kapepala ka nambala, mufunse kokachitengera: pakhomo pa ndege kapena pa lamba wa katundu.

Ulendo wina yezeranitu kunyumba. Makampani ambiri amalola makilogalamu 7, ndipo poyeza kukula amawerengera mateyala ndi chogwirira chomwe.