Mmene mungazindikirire kagulugufe ka nthenga m'munda wa nandolo

Tsiku loyamba kukaona ndinkangoti ndi kachitsotso kamene kakodwa pa duwa la nandolo. Nditati ndikachotse ndi chala, kanauluka. Akatswiri amakatcha Exelastis atomosa, ndipo kamapezeka ku India ndi m'maiko angapo a mu Africa komwe amalima nandolo.

Pitani kumunda mamawa, nandolo akayamba maluwa. Gwedezani nthambi pang'ono, ndipo chikauluka muchitsate ndi maso mpaka chitere. Kagulugufe aka ndi kowonda, kotuwa mofiirira ngati udzu wouma, miyendo yaitali ngati ya udzudzu. Kakatera sikapinda mapiko kumsana ngati anzake. Kamawatambasulira m'mbali atapindika ngati timitengo, moti konseko kamaoneka ngati chilembo T. Mukakhala ndi mwayi wokagwira, onani mapikowo: lakutsogolo ndi long'ambika pawiri, lakumbuyo patatu, ndipo m'mbali muli tiubweya ngati nthenga ya mwanapiye.

Koma chimene chimatidyera ndiwo ndi mbozi yake. Mayi amaikira mazira limodzilimodzi pa maluwa osatsegula ndi pa makoko anthete. Mbozi ndi yobiriwira, nthawi zina yofiirira, yochepa kumutu ndi kumchira, thupi lonse tiubweya tatifupi, ndipo ikakula imangopitirira pang'ono sentimita imodzi. Imayamba ndi kupala khungu la khoko, kenako imaboola kabowo n'kumadya njere. Ndiye mwaphika makata, mukusenda mosangalala, n'kupeza njere yodyeka theka, yakuda ndi nkhungu yomwe inalowera pabowopo. Zimanyansa.

Musaisokoneze ndi mbozi yaikulu ija yomwe imadyanso thonje ndi tomato. Iyo imafika masentimita 3 kapena 4, bowo lake ndi lalikulu, ndipo ikakhuta imakagona m'dothi kudikira kusanduka gulugufe. Ya kagulugufe kathuka imagona pomwepo, pamwamba pa khoko, itadzimata kumchira, ubweya uli chiimire. Mukapeza chotere pa khoko, musakayikenso.

Ngati m'mphepete mwa munda muli nkhungudzu, muziyang'ananso kumeneko, chifukwa nayonso imadyedwa ndi mbozi yomweyi.

Ine munda wanga ndi waung'ono, choncho ndimangotola ndi manja kawiri pa sabata, n'kuponyera nkhuku. Makoko obooka ndimathyola n'kukwirira. Mankhwala sindithamangira, chifukwa nthawi ya maluwa njuchi zimakhala zili piringupiringu m'mundamo. Zikachuluka kuposa manja anu, tengani mbozi zingapo m'kabotolo mukawaonetse alangizi a zaulimi musanagule chilichonse.