Ife opanda bwana: mmene mungapezere thandizo la boma kuno ku Chipata

Ine ndine telala. Makina anga ndimawaika pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo pamenepo ndakhalapo zaka 16. Mu Januwale ndimasoka mayunifomu mpaka msana kuuma, ndalama n'kumalowa ndithu. Pofika Malichi dzuwa limalowa nditangosintha zipi imodzi ndi kupinda mathalauza awiri a salaula. Ndi mmene timakhalira tonse odzilemba tokha ntchito, kaya ndinu wamatimati ku Saturday Market, wa kantemba ku Mchini, kalipentala, kapena wonyamula anthu pa njinga yamoto. Palibe amene amatidulira ya penshoni pakutha kwa mwezi. Ukagona ndi malungo, makina nawonso amagona.

Poti ndine msungichuma wa gulu lathu la chilimba, anthu amandipeza pamakina kudzafunsa za thandizo la boma, ndipo funso lake limakhala limodzimodzi: “Amayi, kodi za sosho kashi alemba liti?” Ndiyambira pomwepo, chifukwa funso limeneli lachedwetsa anthu ambiri amene thandizo lawo lili kwina.

Sosho kashi, imene dzina lake lenileni ndi Social Cash Transfer, ndi ndalama imene boma limapereka kwa makomo ovutika. Inayambira ku Kalomo mu 2003, n'kufika kuno ku Chipata mu 2006 ndi ku Katete mu 2007. Imayendetsedwa ndi unduna wa Community Development and Social Services kudzera ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lililonse. Sanaikonzere aliyense amene ndalama zikumuchepera. Anaikonzera makomo osauka amene mulibe manja okwanira ogwira ntchito: khomo lokhala ndi nkhalamba, lokhala ndi munthu wolumala kwambiri kapena wodwala matenda osachiritsika amene wagona, khomo loyendetsedwa ndi mwana, ndi khomo la mayi amene akulera yekha ana atatu kapena kuposerapo. Ngati muli ndi zaka 35, thupi lili bwino, amuna anu alipo, ndipo mumakazinga zitumbuwa, dzina lanu silidzatuluka ngakhale phindu lanu patsiku litakhala K30. Zimawawa kumva, koma ndi bwino mudziwe lero kusiyana ndi kudikira zaka zitatu. Chimene muyenera kuchita ndi kuyang'ana pakhomo panu ponse, osati inu nokha, pakuti amalemba khomo. Mwina mumasunga ambuye anu, mwina muli ndi mwana wolumala. Pamenepo mpata ulipo, ndipo geni yanu yaing'ono payokha sikutanthauza kuti mwaletsedwa. Amaona mmene pakhomopo palili.

Kalembera sachitika tsiku lililonse. Munthu woyamba kumudziwa ndi wa CWAC wa m'dera lanu, komiti ya anthu odzipereka imene imathandiza a Social Welfare kudziwa makomo ovutika. Ngati simukumudziwa, funsani amfumu kapena akhansala. Nthawi ikakwana amaitanitsa msonkhano, amalemba maina, kenaka pamabwera ofunsa mafunso pakhomo: nyumba yake ndi yotani, mumadya kangati, muli ndi katundu wanji. Pambuyo pake maina amawerengedwa pagulu kuti anthu atsimikize. Muyenera kukhala mutakhala m'deralo miyezi yosachepera 6. Yankhani zoona. Anansi anu amadziwa mbuzi zimene mwakabisa kwa alamu anu, ndipo adzanena pamsonkhano. Ndalama zimabwera pakatha miyezi iwiri iliyonse. Mu 2022 zinali K200 pamwezi, ndipo chilala cha 2024 chitavuta anazikweza kufika K400. Khomo lokhala ndi wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo, koma pamafunika umboni. Pitani naye kuchipatala akamuyese, mukatenge khadi ku ZAPD, bungwe loona za anthu olumala. Musadikire tsiku la kalembera kuti muyambe kuthamangira khadilo.

Amayi anga amakhala kumudzi cha ku Luangeni. Analembedwa bwinobwino, koma ndalama zitayamba kubwera pafoni panabuka vuto, ndipo vutolo tinalipanga tokha. SIM imene anapereka inalembetsedwa ndi reji ya mdzukulu wawo, yemwe panthawiyo anali atapita kukagwira ganyu ku Lusaka. Dzina la pa SIM lina, dzina la pa reji lina. Ndinayenda maulendo atatu, makina ali ovundikira, kuti tikonze chinthu chimene tikanachikonza ndi theka la ola. Choncho musanapite ku ofesi ina iliyonse, tengani reji yanu (NRC), muone ngati dzina ndi nambala zikufanana ndi zimene zili pa SIM, pa buku la kubanki ndi pa makalata a ana. Ngati reji inatayika kapena inafufutika ndi thukuta la m'chitenje, yambani ndi imeneyo. Zonse zimene ndikunena m'munsimu zimatsamira pa kakhadi kameneko.

Kulembetsa n'kwaulere. Chaka china munthu wina wovala bwino anazungulira komboni yathu ndi kope, akutolera K50 pakhomo lililonse kuti “dzina lipite msanga”. Azimayi anayi a m'gulu lathu anapereka, ndipo sanamuonenso. Wina akakuimbirani kuti mumuuze PIN ya Airtel Money kapena MoMo kuti akutumizireni za boma, dulani foni. Mukaona kuti khomo loyenera lasiyidwa, kadandauleni kwa a CWAC kapena ku ofesi ya Social Welfare, ndipo mulembe tsiku limene mwapitako.

Tsopano ndifike pa zimene zili zathu ife amphamvu zathu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa ine wapamphuno ndi NHIMA ndi NAPSA, chifukwa kumeneko sudikira kusankhidwa ndi munthu. Umangopita wekha n'kulembetsa.

NHIMA ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2018, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2019. Wolembedwa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana n'kuonjezera ina. Ife odzilemba tokha timanena zimene timapeza pamwezi, ndipo chopereka chimawerengedwa kuchokera pamenepo. Mumalembetsa amuna kapena akazi anu ndi ana osakwana zaka 18 pa dzina lanu lomwelo, ndipo amene apitirira zaka 65 amalembetsa osalipira. Wina anena kuti, nanga kukiliniki si kwaulere kale? Ndi zoona, kuyambira 2012 chithandizo choyambirira m'makiliniki a boma sichilipitsidwa. Koma matenda akakula, pakafunika sikani, opaleshoni kapena mankhwala a mwezi ndi mwezi a shuga ndi BP, ndi pamene mpamba wa geni umathera. Ndaona mabelo a salaula akugulitsidwa motchipa pofuna ya kuchipatala. Khadi la NHIMA limagwira m'zipatala ndi m'mafamase amene anavomerezedwa okha, ndiye funsani musanalandire chithandizo. Chachikulu n'chakuti muzilipira muli bwino. Kulembetsa mwana atagonekedwa kale ndi kufuna kufolera nyumba mvula ili mkati.

Pa funso lakuti mumapeza zingati pamwezi, ambiri timangoyang'ana kudenga. Gulani kope la K5. Madzulo alionse lembani zolowa ndi zotuluka: ulusi, zipi, singano, lendi ya pakhonde, ya msonkho wa pamsika. Chotsalacho ndiye chanu. Ine nditalemba chaka chathunthu ndinadabwa kuona kuti miyezi itatu yokha, Disembala, Januwale ndi nthawi ya zikwati itatha kukolola, ndiyo imanyamula miyezi ina yonse. Phatikizani chaka chonse, mugawe ndi 12, ndipo nambala imeneyo ndiyo yonena. Kope lomwelo lidzakuthandizani pofunsira ngongole.

Za NAPSA, bungwe la boma la penshoni, ndizinena mofatsa chifukwa zimandikhudza. Atate anga anali kalipentala. Anapala matabwa mpaka manja anayamba kunjenjemera, ndipo tsiku limene anaika pansi pulena ndi tsiku limene ndalama inasiya kulowa pakhomo. Ine chaka chatha ndinayamba kuitana kamtsikana ka pasitolo kuti kandilowetsere ulusi pasingano. Maso akupita. Kale tinkati NAPSA ndi ya a m'maofesi, koma kuyambira 2019 pali malamulo otsegulira ife a geni, alimi ang'onoang'ono, oyendetsa mabasi ndi mataxi, ocheka matabwa ndi antchito a m'nyumba. Wa pantchito yolembedwa amafunika kupereka miyezi 180 kuti adzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi, pamene kwa ife anaitsitsa kufika miyezi 120, zaka 10. Msinkhu wopumira ndi zaka 60. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 46, ndiye ndikapanda kudumphadumpha ndidzakwanitsa nthawi isanakwane. Amene sadzafikitsa miyeziyo ndalama zake sizitayika, amampatsa zonse kamodzi.

Si za ukalamba zokha. Mulinso thandizo ukalumala n'kulephera kugwira ntchito, thandizo kwa amasiye ukamwalira, la maliro, ndi la uchembere kwa mayi amene wakhala akupereka. Limeneli atsikana a m'masaluni alimve bwino, chifukwa mwezi umene uli m'chikuta palibe mutu umene ukuluka. Kulembetsa kumafuna reji ndi nambala ya foni, ndipo amakupatsani nambala yanu ya umembala. Mukatero mumalipira pafoni. Mmene ndimachitira ine, ya mayunifomu ikalowa mu Januwale ndimalipiriratu miyezi ingapo, chifukwa ndikudziwa kuti Malichi sadzandipatsa kanthu. Mlimi achite chimodzimodzi akagulitsa soya kapena nshawa. Sungani mauthenga onse a pafoni otsimikiza kuti mwalipira, ndipo kamodzi pachaka kafunseni sitetimenti.

Ngati munagwirapo ntchito yolembedwa kale, kaya m'sitolo ku Down Shops kaya pakampani ya fodya kapena thonje, nambala yanu ilipo kale, musatsegule ina. Lamulo la 2023 limalola amene wapereka miyezi 60 kapena wafika zaka 45 kutengako 20 peresenti ya zimene anasunga, kamodzi kokha. Ena anagulira makina, ena malata. Ine ndimati tengani ngati mukudziwa chimene ndalamayo ikabale, chifukwa imene mwatenga lero yachoka pa ya ukalamba wanu.

Ya mpamba ili ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha constituency, dera la phungu wa nyumba ya malamulo. Thumba limeneli linali K1.6 miliyoni pa constituency iliyonse, mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linali K36.1 miliyoni. Mbali ina ndi ya zitukuko monga makalasi ndi mijigo, koma mulinso magalanti a magulu a amayi ndi achinyamata, ngongole za mabizinesi, ndi mabasale. Galanti sabweza, koma sapatsa munthu mmodzi. Pamafunika gulu lolembetsedwa, kalabu kapena kopaletivu, lokhala ndi satifiketi, malamulo ake, akaunti ya kubanki, ndi ndondomeko yolembedwa ya chimene mukufuna kuchita. Kopaletivu imayamba ndi anthu 10. Khonsolo ikalengeza, ndipo zimamveka pa wailesi ngati Breeze FM, mumatenga fomu, kudzaza, n'kupereka kwa a WDC, komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Muonetsetse kuti mukudziwa wadi ndi constituency yanu, pakuti wa ku Chipata Central sangafunsire ku Luangeni. Jambulani fomu yanu pafoni musanapereke.

Gulu lopangidwa usiku umodzi chifukwa mwamva kuti kwabwera ndalama silikhalitsa. Ndaona lina litagula makina osokera asanu, pakutha pa chaka aliyense ananyamula ake n'kukagulitsa. Lathu linali litasonkherana chilimba zaka zinayi tisanalembetse, tikudziwana amene amabweza ndi amene amazemba. Polemba ndondomeko tinapita m'masitolo kukatenga mitengo yeniyeni ya makina a ovaloko ndi nsalu, osati yongoganizira. Ulendo woyamba sitinasankhidwe. Tinaperekanso chaka chotsatira.

Ngongole ya CDF ndi ngongole ndithu, chimodzimodzi ya CEEC, bungwe la boma lobwereketsa mpamba, imene amati Marketeer Booster ya ogulitsa m'misika. N'zopepuka kuposa kaloba, koma walira mvula walira matope: tsegulani kope lija muone ngati mwezi wanu woipitsitsa ungathe kubweza.

Mabasale a CDF ambiri amawaiwala. Sukulu za boma n'zaulere kuyambira Januwale 2022, koma ya kubodingi ndi ya maphunziro a ntchito zamanja, monga a ku Chipata Trades, ingathe kulipiridwa kuchokera kumeneko, kudzera kwa a WDC omwewo. Ndipo poti ambirife tili ndi kamunda kumudzi, ya FISP, ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, imayambira kwa alangizi a zaulimi a kempu yanu ndi ku kopaletivu, mlimi n'kuperekapo K400 yake. Amene sangakwanitse ngakhale imeneyo koma mphamvu zolimira ali nazo afunse za Food Security Pack, thandizo la mbewu ndi feteleza kwa alimi ovutika, ku ofesi ya Community Development.

Mapepala anga onse ndimasunga m'kapulasitiki kamodzi pansi pa diloo ya makina: mafotokope atatu a reji, makalata obadwira a ana, tizithunzi tiwiri, nambala ya NAPSA ndi ya NHIMA zolembedwa pachikuto cha kope. Ku maofesi ndimapita m'mawa pakati pa sabata, osati Lolemba kapena kumapeto kwa mwezi pamene mizere imatalika. Lachiwiri likubwerali ndikuperekeza alamu anga a njinga yamoto, amene akhala akunena kuti “mawa” kuyambira pamene mnzawo anathyoka mwendo pamsewu wa ku Mwami. Ndawauza kuti abwere ndi reji, ndi foni imene SIM yake ili m'dzina lawo.