Katemera wa TB wa mwana wakhanda kuno ku Joni

Amayi anzanga a kuno ku Johannesburg, katemera wa TB wotchedwa BCG musamuzengereze chonde. Kuno amabaya mwana akangobadwa, pa mkono wakumanja cha kumtunda ngati kwathu komwe, ndipo ku kiliniki ya boma ndi waulere. Musanatuluke mchipatala tsegulani kabuku ka kuchipatala ka mwana kotchedwa Road to Health muone ngati alembamo. Mukaberekera kunyumba kapena munatuluka asanamubaye pitani naye ku kiliniki sabata yomweyo.

Katemerayu satseka TB yonse ayi, koma amateteza ku TB yoopsa ya muubongo ija imapha makanda kapena kuwalumalitsa, ndiye poti TB ndi yambiri kuno komanso ambirife tikukhala mothinana mma rumu, ine ndimati bayitsani basi.

Ngati inuyo mayi mukudwala TB auzeni anesi musabise, nthawi zambiri amampatsa mwana mankhwala omuteteza. Za HIV nazonso nenani, iwo aone.

Pakapita masabata angapo, pamene anabaya paja pamatuluka kachotupa, mwina mafinya pang'ono. Osafinya, osapaka kanthu, pamapola pokha nkusiya kachipsera. Mkhwapa mukatupa kwambiri bwererani naye ku kiliniki.