Momwe mungadziwire gawo loyenera msinkhu wa osewera anu pa mpikisano wa cheerleading wa mayiko

Musanasankhe nyimbo, musanayeze mayunifomu, yambani mwasonkhanitsa mapasipoti a osewera onse. Pa mipikisano ikuluikulu ya cheerleading, masewero amene timu imavina, kudumpha ndi kunyamulana m'mwamba, oyendetsa sayang'ana kutalika kwa mwana kapena kalasi imene ali kusukulu. Amayang'ana chaka chimene anabadwa, ndipo wosewera mmodzi yekha wopyola malire angathe kugwetsa timu yonse.

Choyamba dziwani mwini wake wa mpikisano womwe mukufunawo, chifukwa mabungwe akuluakulu alipo awiri ndipo anthu amawasokoneza. International Cheer Union, imene ambiri amangoti ICU, inakhazikitsidwa mu 2004 ndipo komiti ya Olympics inaivomereza kwathunthu mu 2021. Imeneyi ndi ya matimu oimira mayiko, ndipo mumalowa kudzera m'bungwe la cheerleading la m'dziko lanu. Linalo ndi International All Star Federation (IASF), la makalabu, lomwe pamodzi ndi USASF ya ku America limayendetsa The Cheerleading Worlds. Kumeneku kalabu imalowa ikapata chilolezo chomwe amachitcha bid pa mpikisano wina wovomerezeka. Chosokoneza n'chakuti mipikisano yonse iwiri imachitika mu Epulo, ku Orlando m'chigawo cha Florida, pamalo omwewo a ESPN Wide World of Sports, masiku oyandikana. Ndiye munthu akakuuzani kuti "tikupita ku Worlds", mufunseni kuti Worlds yake iti.

Mukadziwa bungwe, tengani chikalata cha malamulo pa webusaiti yawo, ndipo chikhale cha chaka cha mpikisanowo. Malire a zaka akhala akusintha. Ku ICU gawo la Junior linali la zaka 12 mpaka 16, koma analigawa. M'malamulo a zaka zaposachedwa Youth ndi ya zaka 12 mpaka 14, Junior ndi 15 mpaka 18, pomwe Senior imayambira pa 16. Zithunzi za matebulo zomwe zimazungulira m'magulu a WhatsApp musazikhulupirire, nthawi zambiri amakhala atadula pamwamba pomwe pali chaka. Chikalatachi n'chaulere, ndiye wina akamakulipiritsani kuti akupezereni, akukudyerani masuku pamutu.

Tsopano kuwerenga zaka, pomwe pagona nkhani yonse. ICU imawerenga zaka zomwe wosewera amakhala nazo nthawi ina iliyonse m'chaka cha mpikisano, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Tsiku lobadwa lilibe ntchito. Yang'anani chaka chobadwa, basi. Pa mpikisano wa 2026, Youth ndi obadwa 2011 mpaka 2014, Junior ndi obadwa 2007 mpaka 2011, Senior ndi obadwa 2010 kubwerera m'mbuyo. Mwana wobadwa pa 30 Disembala 2010 pofika mu Novembala 2025 amakhala ali ndi zaka 14 ndithu, koma chaka cha 2026 chimayamba ali kale ndi 15, ndipo Youth yamupita. Wobadwa mu Disembala 2006 naye mu Novembala 2025 amaonetsa chiphaso kuti ali ndi 18, koma chaka cha 2026 chimayamba ali ndi 19, Junior salowa.

Apa ndi pamene timu ina ya Youth imene ndinkathandiza inapunthwa. Fomu yomwe makolo anadzaza chaka cha mpikisano chisanayambe inkafunsa kuti "zaka", osati tsiku lobadwa. Mayi wina analemba 14, ndipo sananame. Mtsikanayo anali flyer wathu wapakati, kutanthauza amene amanyamulidwa ndi kuponyedwa m'mwamba, wochepa thupi, wosaopa m'mwamba, ndipo piramidi yonse inamangidwa pa iyeyo. Zinatulukira polembetsa, wina atatsegula pasipoti n'kuona kuti anabadwa kumapeto kwa Disembala. Mayiwo anaika chala pa tsikulo n'kumati, "Koma aphunzitsi, onani nokha, sanakwanitse 15 mwanayu." Panalibe chowayankha chomveka kwa kholo, chifukwa pa kalendala iwo amanena zoona.

Chimene anthu sachiona n'chakuti kuchotsa flyer si kungofufuta dzina. Wolowa m'malo anali wamtaliko, ndiye ma base, omwe amanyamula flyer, anayenera kuphunziranso pogwira, mphamvu yoponyera ndi nthawi yomulandira. Kuwerenga kwa eyiti eyiti, komwe osewera amatsatira pa nyimbo, kunasokonekera pa piramidi, nyimbo inayenera kudulidwanso, ndipo wodula nyimbo analipiritsa kachiwiri ngati ntchito yatsopano. Yunifomu yosokedwa kale sinakwane wina aliyense. Choncho fomu yanu ifunse tsiku, mwezi ndi chaka, mwezi ulembedwe m'mawu. Ku America amayamba ndi mwezi polemba deti, kotero 03/04 kwa iwo ndi 4 Malichi pomwe kwa ena ndi 3 Epulo. Ndipo musadalire fomu yokha, onani pasipoti ndi maso anu.

Makochi akale ena amaumirirabe kuti zaka zimawerengedwa pa 31 Ogasiti. Sakulota, USASF inkachitadi choncho kwa nthawi yaitali, ndipo chizolowezicho chinafalikira kutali. Auzeni mwaulemu kuti atsegule chikalata cha chaka chino.

Ku IASF magawo ali ndi mayina ngati U12, U16, U18 ndi Open. Dzinalo lisakupusitseni kuti U16 ndi ya aliyense wosapyola 16, pakuti gawo lililonse lili ndi malire apansi. Komanso nyengo yawo imayamba chaka china n'kutha chaka chotsatira, ndiye werengani zaka zobadwa zomwe zalembedwa pa tebulo lawo mzere ndi mzere, osaganizira chabe. Njira yachidule yomwe ine ndimachita: lembani mayina onse pa kompyuta, muwasanje potsata chaka chobadwa, muike mtundu umodzi pa chaka chilichonse, kenako muonjezere danga la mpikisano wa chaka chamawa. Pomwepo mudzaona kuti ma base anu anayi amphamvu akutuluka mu Junior nthawi imodzi.

Mukatero onani ngati luso la timu likugwirizana ndi gawolo. Ku ICU luso lili ndi masiteji, ndipo Youth imapikisana pa Median ndi Advanced, Junior pa Advanced ndi Elite, pomwe Premier ndi ya Senior. Malire a zakawa sanaikidwe mongosangalatsa. Pa Premier piramidi imakwera anthu awiri ndi theka, ndipo flyer amaponyedwa n'kutembenuzika m'malere. Osewera a zaka 16 mpaka 18 amakwanira konse kuwiri, Junior ndi Senior, ndipo makolo ambiri amafuna mwana akwere msanga. Ine ndimati musamuthamangitse. Wazaka 16 amene akutsogolera anzake mu Junior amaphunzira zambiri kuposa amene akungodzaza mzere wakumbuyo mu Senior. Kumbukiraninso kuti timu ya ICU imakhala ya osewera 16 mpaka 24, ndiye mukapita ndi 16 enieni, mmodzi akagwa pa zaka mwatsala opanda timu. Osewera odikirira kulowa m'malo mwa anzawo nawonso akwanire msinkhu womwewo.

Pa zikalata, dzina la pa fomu lifanane ndi la pa pasipoti chilembo ndi chilembo. Amene si nzika ya dziko lomwe akuimira amafunika umboni woti amakhala m'dzikomo movomerezeka. Apa ndi pamene pamatulukira madobadoba olonjeza kuti "tikonza chaka" pa chikalata cha kubadwa. Athaweni. Ndi mlandu, ndipo mwana yemweyo analembetsapo kale mipikisano ina ndi chaka chenicheni. Enanso amagulitsa ulendo wonse pamtengo wokoma asanaone n'komwe ngati timu ili ndi malo. Viza yokacheza ku America inakwera kufika madola 185 mu 2023, ndipo akakukanani sabweza, ndiye musalipire ya mwana amene zaka zake simunazitsimikize.

Zotsalazo n'zodziwika. Tumizani mndandanda kudzera ku bungwe lanu nthawi isanathe, sungani makope a mapasipoti papepala ndi pafoni, makolo a ana osakwana zaka 18 asaine makalata ovomereza ulendo, inshuwalansi ikhalepo. Pa Coed, gawo la anyamata ndi atsikana pamodzi, werenganinso chiwerengero cha anyamata chololedwa. Mukasintha wosewera mutalembetsa kale, dziwitsani oyendetsa polemba kalata ndipo yankho lawo mulisunge.