Mungadziwe bwanji zaka za supuni yasiliva ya ku France?

Mwafunsa ngati tizidindo ta pa supuni yanu yakale tingakuuzeni kuti ndi siliva weniweni komanso kuti idapangidwa liti. Inde.

Choyamba, ipukuteni ndi kansalu kofewa, mupeze galasi lokulitsa zinthu. Musakweche ndi mchenga, mungafufute chidindo.

Kenako funani chidindo cha boma. Mukaona mutu wa Minerva, mkazi wovala chisoti chankhondo, supuniyo ndi ya 1838 kapena pambuyo pake. Onetsetsani kanambala kali pambali pa mutuwo: 1 akutanthauza magawo 950 a siliva pa 1000, pomwe 2 ndi 800. Mu 1973 muyezo woyambawo adautsitsa kufika pa 925, nawonjezera kachilembo kosonyeza zaka khumikhumi. Mukaona chithunzi cha tambala m'malo mwa Minerva, supuniyo ndi ya 1798 mpaka 1819. Mutu wa nkhalamba yandevu ndi wa ku Paris, 1819 mpaka 1838. Pa tinthu ting'onoting'ono, kuyambira 1838, ankadinda mutu wa nguluwe ku Paris, nkhanu m'zigawo zina.

Minerva yekha sakupatsani chaka, choncho chidindo cha mmisiri ndicho chofunika kwambiri. Chimakhala chooneka ngati dayamondi ya pa makadi a njuga, muli zilembo zoyamba za dzina lake. Mukamupeza m'kaundula wa amisiri, mudziwa zaka zomwe ankagwira ntchito.

Koma chidindocho chikakhala cha sikweya, pambali pali nambala ngati 84, siliva adangokutira pamwamba. Musalipire mtengo wa siliva weniweni.