Chule Woweta Akasiya Kudya, Yambani Mwaona Pogona Pake

Chule woweta akakana chakudya, ambiri amathamangira kumusinthira ndiwo: lero nyongolotsi, mawa nkhululu, mkuja kambewa. Kawirikawiri chakudyacho chimakhala chilibe mlandu. Chomwe chalakwika chimakhala kutentha kwa m'bokosi lake, chinyezi cha dothi kapena madzi omwe amakhalamo, ndipo mukapanda kukonza zimenezi, ngakhale mutamubweretsera zonona zotani, pakamwa satsegula.

Malangizo awa akukhudza makamaka achule awiri okumba pansi omwe amagulitsidwa m'masitolo a ziweto ku Britain ndi kwina. Woyamba ndi chule wa kukamwa kwakukulu wa ku South America, Ceratophrys, yemwe ogulitsa amamutcha Pacman. Wachiwiri ndi chule wamkulu wa kuno kum'mwera kwa Africa, Pyxicephalus, yemwe wamphongo wake amatha kupitirira kilogalamu imodzi. Onse awiri ndi alenje odikirira. Amadzikwirira m'dothi n'kusiya maso okha panja, kudikira kuti china chidutse pafupi. Kukhala phee tsiku lonse ndi khalidwe lawo, si matenda. Amene ali ku South Africa adziwenso kuti kusunga achule a m'dzikomo kumafuna chilolezo cha boma.

Sikelo ndiyo inene ngati pali vuto

Chule wamkulu wonenepa bwino akhoza kutha milungu iwiri kapena itatu osadya, osavulala. Masiku onse amangofunika kudya kamodzi kapena kawiri pa mlungu. Mwana wa chule ndi nkhani ina. Iye amadya tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi, ndipo akatha masiku 5 mpaka 7 osalawa kanthu musachedwe naye.

Maso amanama pa nkhani ya kuwonda, chifukwa chule amadzitukumula ndi mpweya komanso amasunga madzi ambiri m'chikhodzodzo. Tengani sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu, ikanipo kabakuli konyowa, muyezeni kamodzi pa mlungu tsiku lomwelo, ndipo muzilemba. Wa magalamu 200 akatsika n'kufika pa 195, mwina wangokodza. Akafika pa 180, kutanthauza kuti wataya gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake, ameneyo ndi wa kwa dokotala wa ziweto. Chizindikiro china ndi mafupa awiri a m'chiuno kutulukira pamsana, ntchafu n'kuphwa.

Kutentha

Apa ndi pomwe pamagona nkhani nthawi zambiri. Thupi la chule silipanga kutentha kwakekwake, limangotengera kwa malo omwe ali. Kukazizira, m'mimba mwake mumagaya pang'onopang'ono, ndipo chakudya chomwe wameza chikhoza kuyamba kuwola chisanagayike. Chule amadziwa zimenezi mwachibadwa, n'chifukwa chake amangokana. Akadya kenako n'kuzizidwa, amasanza.

Pacman amafuna madigiri 24 mpaka 28 masana, usiku osatsika pa 21. Chule wamkulu wa kuno amakonda kotentherako pang'ono, 25 mpaka 29. Kupitirira 30 kwa nthawi yaitali n'koopsa kuposa kuzizira, chifukwa kumamuumitsa msanga. Themometa muiike pamwamba pa dothi, pomwe chule amakhala. Zozungulira zija zomata pagalasi m'mwamba zimayeza mpweya womwe chuleyo safikako n'komwe, ndipo zambiri sizinena zoona. Ya manambala yokhala ndi kachingwe ndiyo yodalirika. Muiwerengenso m'mamawa kusanache, pakuti bokosi lomwe masana limaonetsa 26 likhoza kumafika pa 16 m'bandakucha wa mu June ku Johannesburg, kapena m'nyumba ya ku Britain momwe chotenthetsera chimazimitsidwa usiku.

Kamphasa kotenthetsera ka magetsi kamatidwe m'mbali mwa bokosi, osati pansi. Chule akamva kutentha amakumba kulowa pansi kuti apeze pozizira, ndiye kamphasa kakakhala pansi amakhala akuthawira komwe kuli moto. Kalumikizeni nthawi zonse ku thermostat, kachipangizo kozimitsa kamphasako kutentha kukafika pa mlingo womwe mwaika. Magetsi akazima usiku wozizira, botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'thaulo, loyedzamira kunja kwa galasi, ndi bulangete pamwamba losiya mpata wa mpweya, zimamufikitsa m'mawa. Bokosi musaliike pawindo kuti awothere dzuwa. Galasi limasunga kutentha mofulumira moti ola limodzi likhoza kumupha.

Mukakonza kutentha, dikirani masiku atatu kapena anayi musanayesenso kumudyetsa.

Dothi louma ndi tulo ta chilimwe

Kutchire, chule wamkulu wa kuno amatha miyezi yambiri ya chilimwe ali pansi pa nthaka, atadzikuta ndi chikwa cha makungu ake omwe wafundula, mphuno zokha zili poyera, mpaka mvula yamphamvu idzamudzutse. Pacman amachitanso chimodzimodzi. M'bokosi, dothi likauma, iye amayesa kuti chilimwe chafika. Amakumba mpaka pansi, khungu limauma n'kuoneka ngati pepala lotuwa, maso amatsekeka, ndipo eni ena amataya chule wamoyo poganiza kuti wafa.

Chikwacho musachisende ndi zala. Muikeni m'kabakuli ka madzi ofunda pang'ono, madigiri 26 mpaka 28, ofika pachibwano basi, kwa mphindi 20 kapena 30. Chikwa chikafewa amachikankha yekha ndi miyendo, nthawi zambiri n'kuchidya. Njala imabwerera pakapita masiku angapo. Tulo totere tikhoza kupha mwana wa chule kapena wowonda kale, choncho musamulekerere dala.

Dothi labwino ndi la ulusi wa makoko a kokonati, lomwe limagulitsidwa ngati njerwa youma yoti muviike, lakuya masentimita 8 mpaka 10. Mukalifinya m'dzanja liumbike, lidonthe dontho limodzi kapena awiri. Likamachucha ndiye kuti lanyowetsa, ndipo matope otere amaweta mabakiteriya. Chinyezi cha mumpweya chikhale pakati pa 60 ndi 80 peresenti. Dothi lonse lisinthidwe mwezi ndi mwezi. La m'dimba lomwe munathiramo feteleza kapena mankhwala musaligwiritse ntchito.

Madzi

Chule samwa ndi pakamwa. Amayamwa madzi kudzera pakhungu la kumimba ndi m'ntchafu, ndipo chilichonse chomwe chili m'madzimo chimalowa nawo m'thupi. Madzi a pampopi ali ndi klorini. Kuwasiya pa ndowa yosavindikira kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachotsa klorini wamba, koma mizinda ina imathira chloramine, yemwe sachoka ngakhale madzi atakhala mlungu. Njira yosakayikitsa ndi madontho oyeretsera madzi a nsomba zoweta, monga mwa muyezo wolembedwa pabotolo. Madzi a batire, aja ochotsedwa mchere wonse, sayeneranso, chifukwa amakoka mchere wa m'thupi la chule.

Mbale ya madzi ndiyonso chimbudzi chake, choncho isinthidwe tsiku lililonse ngakhale ikuoneka yoyera. Akakhalitsa m'mikodzo yake amayamba kudumpha mosokonezeka, miyendo yakumbuyo kuumirira itatambasuka, maso kuchita chifunga. Zikatero muikeni m'madzi oyera osaya, muziwasintha pakapita maola ochepa, ndipo dothi lonse mulitaye.

Khungu lomweli ndilo limalowetsa poizoni wa m'nyumba. Doom, koyilo ya udzudzu, perefyumu, utsi wa fodya, ngakhale Jik wotsalira pa mbale yosatsukuluza bwino, zonsezi zimamudwalitsa. Manja odzola mafuta kapena a sopo asamukhudze. Ngati n'kofunika kumugwira, valani magolovesi opanda ufa, onyowetsedwa.

Mantha

Chule wongogulidwa kumene amatha mlungu umodzi kapena iwiri asanayambe kudya. Musiyeni. Kumufukula tsiku ndi tsiku kuti muone ngati ali moyo ndi kumene kumatalikitsa njalayo. Phimbani mbali zitatu za bokosi ndi pepala, mulichotse pafupi ndi wayilesi, mphaka ndi ana ogogoda galasi. Azikhala yekha, chifukwa achule awa amadyana, ndipo wamng'ono akakhala ndi wamkulu amangobisala osadya. Pa nthawi yofundula amathanso kukana kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Tsopano chakudya

Chule amagwira chomwe chikuyenda. Chakufa chongoikidwa patsogolo pake sachiona ngati chakudya, pokhapokha mutachigwedeza ndi chopanira cha nsonga zosasongoka. Dyetsani madzulo kukamada, nyali itazima. Kachilombo kasapose mpata wa pakati pa maso ake awiri. Nyongolotsi ikhoza kutalika, chifukwa ndi yofewa, ndipo kwa chule wofooka palibe chakudya choposa nyongolotsi zikuluzikulu za m'nthaka. Zofiira zing'onozing'ono za pa kompositi zimatulutsa madzi owawa, moti chule akalawa kamodzi amatha kukana nyongolotsi zonse kwa nthawi. Wamakani mukhoza kumukhudza nayo pang'onopang'ono m'mbali mwa milomo. Ambiri amaluma chifukwa chokwiya, kenako n'kumeza.

Zomwe sanadye pakatha mphindi 15 kapena 20 zichotseni. Nkhululu yanjala yogona m'bokosi imatafuna khungu la chule usiku.

Ngumbi ndi ziwala za pamalo osapoperedwa mankhwala ndi zabwino, koma nunkhadala, ziphaniphani, bongololo ndi mbozi zaubweya ayi. Mphemvu za m'khitchini zimakhala zitayenda m'mankhwala. Mbewa ikhale ya apo ndi apo, kwa wamkulu yekha, osapitirira kamodzi pa mwezi. Mafuta ake amamunenepetsa n'kuyeretsa maso mpaka kuchita khungu, ndipo chule wosaona sasaka. Komanso amene wameza mbewa akhoza kukhala milungu iwiri ali wokhuta. Pamenepo palibe choti muchize.

Tizilombo togula tili ndi kashiamu wochepa, mchere wolimbitsa mafupa. Tidyetseni masamba ndi karoti kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako tiwazeni ufa wa kashiamu wokhala ndi vitamini D3: kwa mwana pafupifupi chakudya chilichonse, kwa wamkulu kamodzi pa mlungu. Kashiamu akasowa, mafupa amafewa, chibwano cham'munsi chimalendewera, miyendo imakhota, ndipo chule amafuna kudya koma kugwira kumamukanika. Vitamini A akasowa, lilime limasiya kumata. Mudzamuona akulasa nkhululu kangapo n'kumaiphonya, mpaka kutaya mtima. Ufa wa mavitamini ukatha miyezi 6 chitsegulireni, gulani wina.

Kudzimbidwa

Achule awa akamalasa amameza ndi zonse zomwe zili pafupi. Timiyala, makungwa ndi ndere zazitali zija zokongoletsera bokosi zimatseka matumbo. Chizindikiro chake ndi kusachita chimbudzi kwa milungu iwiri kapena kuposa, mimba ili yotupa, ndi chotupa cholimba m'mbali mukamusisita mofatsa. Muviikeni m'madzi ofunda ofika pachibwano kwa mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse, muli pomwepo, chifukwa achule okumba si akatswiri osambira. Ambiri amachita chimbudzi m'madzi momwemo. Musamufinye mimba, musamumwetse mafuta ophikira. Masiku 5 akatha popanda chotuluka, dokotala amuunike ndi X-ray.

Zosadikira mawa

Kufiira kwa m'ntchafu ndi kumimba, kokhala ngati magazi aundana pansi pa khungu, kumasonyeza kuti mabakiteriya, monga Aeromonas, alowa m'magazi, ndipo kumapha m'masiku ochepa. Chimodzimodzi kutupa thupi lonse ndi madzi, zilonda, kulephera kudzitembenuza mukamugoneka chagada, kapena nyama yofiira kutulukira kumatako. Kufundula kosalekeza pamodzi ndi kufooka kukhoza kukhala chytrid, nthenda ya pakhungu yomwe yatha achule ambiri padziko lonse. Chifukwa cha nthenda imeneyi, chule woweta, wodwala kapena wabwino, satayidwa kudambo, ndipo madzi ake sakhuthulidwa mumtsinje.

Podikira dokotala, muikeni m'kabokosi ka pulasitiki koboola mabowo a mpweya, pansi mutayala mapepala opukutira oyera onyowa, ndi pobisala pamodzi. Mapepala muzisintha tsiku lililonse. Pamenepo chimbudzi chimaoneka msanga. Chatsopano chikulungeni m'pepala lonyowa, mupite nacho pasanathe tsiku kuti akachiyeze njoka zam'mimba, zomwe zimapezeka kwambiri mwa achule ogwidwa kutchire. Tengani ndi kope lanu la sikelo ndi la kutentha. Imbani kaye foni kufunsa ngati amaona achule, pakuti madokotala ambiri a ziweto anazolowera agalu, amphaka ndi ng'ombe. Mankhwala a anthu, Dettol ndi mchere musayese. Mlingo wa chule umawerengedwa pa magalamu, ndipo kachidutswa ka piritsi komwe kwa inu n'kochepa kwa iye ndi poizoni. Nanunso muzisamba m'manja ndi sopo mukatha, chifukwa achule amanyamula mabakiteriya a Salmonella omwe amadwalitsa anthu, ndipo ana osakwana zaka 5 asawagwire.

Kumukanula pakamwa kuti mumudyetse mokakamiza kukhale komaliza, ndipo dokotala akuonetseni kaye. Chibwano cha chule wosowa kashiamu chimathyoka mosavuta, chakudya chokankhira m'mimba yotsekeka chimangowonjezera vuto, ndipo chule wamkulu wa kuno ali ndi timafupa tosongoka ngati mano m'chibwano cham'munsi tomwe timaboola chala.

Akayambanso kudya yekha, musamubwezere zonse zomwe anaphonya. Mupatseni nyongolotsi imodzi kapena theka la chakudya chake cha masiku onse, dikirani achite chimbudzi, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono kwa milungu iwiri. Mbewa idikire mpaka sikelo itabwerera pomwe inali.