Wantchito akachoka, tsekani akaunti yake motere

M'maofesi ambiri munthu akasiya ntchito amabweza makiyi ndi chitupa, koma akaunti yake ya pa kompyuta imakhala chitsegukire kwa miyezi. Kuitseka ndi udindo wa inu oyang'anira makompyuta ndi maseva, ndipo isagone.

Yambani ndi kalata. Musatseke akaunti ya munthu chifukwa cha mphekesera kapena foni ya bwana amene wapsa mtima. A ofesi yoona za antchito akulembereni dzina, tsiku ndi ola limene munthuyo aweruke komaliza, ndipo kalatayo muisunge.

Ola likakwana, itsekeni koma musaifufute. Mu Active Directory, pulogalamu ya Microsoft yoyang'anira maakaunti a pa ofesi, sankhani Disable Account. Mukafufuta, nambala ya SID, imene Windows imazindikirira akauntiyo, imapita nayo limodzi, moti akaunti ina ya dzina lomwelo silandira zilolezo zakale. Pa Microsoft 365 akaunti yofufutidwa mungaibweze m'masiku 30 okha, pa Google Workspace masiku 20. Akadutsa masiku amenewa, makalata a makasitomala apita basi.

Kusintha pasiwedi pakokha sikukwanira, chifukwa foni yake ikhoza kumalandirabe imelo. Mutulutseni pa zipangizo zonse zimene analowerapo, mumuchotsenso pa VPN, njira yolowera pa netiweki ya ofesi munthu ali kutali.

Pa maseva a Linux ndi pomwe ambiri amapunthwa. Lamulo la usermod -L limangotseka pasiwedi, koma amene ali ndi kiyi ya SSH, yolowera pa seva popanda pasiwedi, amalowabe bwinobwino. Choncho onjezani chage -E 0 pa dzina lake kuti akauntiyo ithe mphamvu, ndi kuchotsa makiyi ake mu fayilo ya authorized_keys. Musanatero, yang'anani kaye ndi crontab -l -u ngati pali ntchito zimene zimayenda zokha pa dzina lakelo. Nthawi zina backup ya usiku, ntchito yokopera deta kuti isatayike, imakhala pomwepo, ndipo mukatseka musanaisamutse imaima mwakachetechete, n'kudzazindikira tsiku limene disiki yafa.

Sinthaninso mapasiwedi ogawana: a Wi-Fi, rauta, makamera ndi tsamba la kampani la Facebook.

Tsono pali nkhani ya makalata ndi mafayilo ake. Inu muli ndi mphamvu zotsegula chilichonse, koma mphamvuzo munapatsidwa kuti ntchito iziyenda, osati kuti muzisuzumira za eni. M'menemo mumapezeka zithunzi za ana, zotsatira za kuchipatala, nkhani za ngongole. Ngati abwana akufuna mafayilo a ntchito, apemphe molemba ndi kutchula chimene akufuna. Apatseni foda yokhayo, kwa masiku odziwika. Chimene mwaona mwangozi chithere m'maso momwemo, chisafike ku kantini kapena pa gulu la WhatsApp. Izi si za ulemu chabe: ku Malawi kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, limene limayang'aniridwa ndi MACRA, komanso la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe limaletsa kulowa m'deta ya ena popanda chilolezo.

Chilichonse chimene mwachita chilembeni, ola lake ndi amene analamula. Mukadzafunsidwa kuti ndani anatsegula imelo ya uje, kaundulayo ndi amene adzakuyankhireni. Laputopu yake muipukute, kutanthauza kufufuta zonse za m'katimo, pokhapokha mutakopera mafayilo a ntchito ndi kutsegula angapo kuti mutsimikize kuti akuwerengeka.